Uinjiniya wa makompyuta: mwana amaphunzira chiyani, adzagwira kuti?

Mwana akauza makolo kuti akufuna sukulu ya makompyuta, ambiri kuno ku Thyolo amaganiza za wotayipa makalata pa Boma, kapena mnyamata woika nyimbo m'mamemole pa Bvumbwe. Nawonso amadya, koma injiniya ntchito yake ili m'kati mwa makinawo.

Zaka zoyambirira zimathera pa masamu, physics ndi magetsi: momwe mphamvu imayendera m'timizere ta pabodi, ndi momwe transistor, yomwe ili ngati switchi yaing'ono kwambiri, imatsegulira kapena kutseka njira. Kenako amaphunzira kulemba mapulogalamu, monga a m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C, olamula kachip kochepa ngati chikhadabo kuti kawerenge kutentha kapena kuyatsa mota. Amene amathawa masamu ku sekondale aganize kawiri, chifukwa kumeneko ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Ku yunivesite ya MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic ku Blantyre, kuli digiri ya Electronics and Computer Engineering. Pafupi pompano, yunivesite ya MUST ya ku Ndata, yomwe idalandira ophunzira oyamba mu 2014, ili ndi Computer Systems and Security, yotsamira kwambiri pa manetiweki ndi kuteteza deta kwa akuba. Kusankha ophunzira kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pamafunika makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo.

Ntchito zotchuka ndi za kumabanki, TNM, Airtel ndi ESCOM. Koma ine ndimauza achinyamata kuti ayang'anenso mafakitale a tiyi omwe atizungulirawa. Tiyi akadulidwa n'kufiira, amalowa m'makina oumitsira. Moto ukapitirira amapserera. Ukachepa amatsala ndi chinyezi, mtengo wake n'kugwa kumsika wa ku Limbe. Sensa yoyeza kutentha ndi kabokosi kolamula makina, kotchedwa PLC, ndi zomwe zingasunge kutenthako pamlingo wake. Zikafa m'nyengo yamvula, masamba ali mbwee, pamafunika munthu wodziwa mawaya ndi pulogalamu yomwe, osati mmodzi wa izi mmodzi wa izo. Ku Bondo, ku Mulanje, magetsi a kampani ya MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya amagulidwa ndi mayunitsi, ndipo mamita amenewo nawonso ndi timakompyuta.

Mipata ndi yochepa, ndisakunamizeni. Pa intavyu mabwana amafunsa chomwe mudapangapo ndi manja anu, choncho kabodi ka Arduino, kophunzirirapo kulumikiza mawaya ndi kulemba mapulogalamu, mukayambe mukadali m'chaka choyamba.