Malo a Nyukiliya Akatsekedwa, Thanzi Lanu Amaliteteza Ndani?

Malo opangira magetsi a nyukiliya akasiya kugwira ntchito, anthu ambiri oyandikana nawo amayesa kuti choopsa chatha. Sichinathe ayi. Reactor, chimakina chomwe chimatulutsa kutentha kuchokera ku yureniyamu, amaizimitsa tsiku limodzi, koma kuchotsa ndodo za yureniyamu, kuphwasula nyumba, kuyeretsa dothi ndi kusamutsa zinyalala kumatenga zaka zambirimbiri. Ku America lamulo limapatsa eni malo zaka 60 kuti amalize ntchitoyi. Ku Sellafield, m'dziko la England, ikuyembekezeka kutenga zaka zoposa 100. Nthawi yonseyi pamalopo pamakhala antchito, ndipo kunja kwa mpanda kumakhala mabanja omwe amamwa madzi ndi kupuma mpweya wa dera lomwelo. Uthengawu ndi wa anthu amenewa.

Choopsa chili pati

Cheza cha nyukiliya sichioneka, sichinunkha, ndipo chikamalowa m'thupi munthu samva kanthu. Chimafika pa munthu m'njira ziwiri: akaima pafupi ndi chinthu chotulutsa chezacho, kapena akapuma fumbi, kumwa madzi kapena kudya chakudya chomwe chaipitsidwa. Njira yachiwiriyi ndi imene imadetsa nkhawa kwambiri pa nthawi yophwasula, chifukwa kudula mapaipi ndi kuswa konkireti kumautsa fumbi lomwe linangokhala phee kwa zaka zambiri.

Mlingo wa cheza umene thupi lalandira amauyeza mu millisievert. Munthu aliyense padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 millisievert pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kumlengalenga. Malamulo a mayiko ambiri salola kuti malo a nyukiliya awonjezere kuposa 1 millisievert pachaka kwa munthu wamba, pomwe wantchito malire ake ndi 20 pachaka. Matenda obwera msanga, monga nseru, kusanza, kupsa khungu ndi kuwonongeka kwa magazi, amayamba munthu akalandira pafupifupi 1,000 millisievert pakanthawi kochepa. Izi sizichitikachitika pa ntchito yophwasula. Chimene malamulo amalimbana nacho tsiku ndi tsiku ndi cheza chochepachepa chounjikana kwa zaka, chomwe chingawonjezere mpata wodwala khansa patsogolo.

Cheza choposa 99 peresenti cha pamalopo chimakhala m'ndodo za yureniyamu zomwe zatha ntchito. Ndodozi zimatenthabe ngakhale reactor itazima, motero amazisunga m'madamu akuya a madzi kwa zaka zingapo, kenako n'kuziika m'migolo ikuluikulu yachitsulo ndi konkireti. Zikangochoka mu reactor, mpata wa ngozi yaikulu ngati ya ku Chernobyl ya mu 1986 umachepa kwambiri. Zotsala ndi zitsulo, konkireti ndi matope a m'matanki. M'zimenezi muli zinthu zotulutsa cheza zomwe mphamvu zake zimatha mosiyanasiyana: ya cobalt-60 imatsika ndi theka pa zaka zisanu ndi miyezi ingapo, ya caesium-137 pa zaka 30, pomwe ya plutonium-239 imafuna zaka 24,000.

N'chifukwa chake ena amasankha kutseka nyumba ya reactor n'kudikira zaka makumi angapo kuti cheza chichepe asanayambe kugumula. Nzeru imeneyi imatetezadi antchito, koma ili ndi vuto lake. Anthu amene ankadziwa paipi iliyonse ya pamalopo amapuma pantchito, ena amamwalira, mapepala amasowa, madenga amayamba kudontha, ndipo ndalama zimene anasungira ntchitoyi zikhoza kuperewera. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Vienna, limakonda kuti ntchito yophwasula iyambe msanga ngati palibe chifukwa chomveka chodikirira.

Woyang'anira asakhale mnzake wa mwini malo

Udindo woyamba woteteza anthu ndi wa kampani kapena bungwe lomwe lili ndi chiphaso cha malowo. Chiphasocho sichitha magetsi akasiya kupangidwa. Chimagwirabe mpaka woyang'anira atakhutira kuti malo ayera. Woyang'anirayo ndi bungwe la boma loima palokha, monga Nuclear Regulatory Commission ku America kapena Office for Nuclear Regulation ku Britain. Iye ndiye amaunika ndondomeko yophwasula, amatumiza akatswiri kukayendera malo, nthawi zina mosachenjeza, ndipo ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito kapena kulanga ophwanya malamulo. IAEA imakonza miyezo ndi kutumiza akatswiri okaunika mayiko akawaitana, koma ilibe mphamvu yotseka malo a dziko lililonse.

Kuima palokha kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse. Ngozi ya ku Fukushima isanachitike mu 2011, bungwe loyang'anira za nyukiliya ku Japan linali pansi pa unduna womwewo umene unkalimbikitsa magetsi a nyukiliya. Dzikolo linazindikira kuti izi zinafooketsa kuyang'anira, ndipo mu 2012 linakhazikitsa bungwe latsopano lapadera. Vutoli limakula malo akatsekedwa, chifukwa malo otsekedwa sabweretsa ndalama, amangodya. Mwini wake amafuna kumaliza msanga ndi motchipa, ndiye pamafunika wina woti anganene kuti "imani" popanda kuopa kuluza kanthu.

Kuyang'anira kwenikweni kumaonekera m'zoyeza. Amayeza mpweya wa kumpanda, madzi a m'zitsime zokumbidwa mozungulira malo, dothi, udzu, mkaka ndi nsomba. Madzi a pansi pa nthaka ndi ofunika kuwasamala mwapadera, popeza thanki yakale ikhoza kuchucha kwa nthawi yaitali popanda woona. Zotsatira za kuyezaku ziyenera kufalitsidwa, ndipo ndi bwino kuti pakhale labotale ina yosadalira mwini malo yomwe imayezanso payokha. Ku Fukushima, madzi osefedwa atayamba kutayidwa m'nyanja mu Ogasiti 2023, anaika malire a tritium, chinthu chotulutsa cheza chomwe sichisefeka m'madzi, pa ma becquerel (muyeso wa cheza chotuluka m'chinthu) 1,500 pa lita, pomwe mlingo wa bungwe la WHO pa madzi akumwa ndi 10,000. IAEA imatenga madzi ake n'kuyeza payokha. Asodzi a kumeneko anatsutsa, ndipo sanalakwe kufunsa, pakuti munthu amene moyo wake uli pa nyanja ayenera kuonetsedwa manambala, osati kungouzidwa kuti zonse zili bwino.

Kwa antchito

Valani dosimeter, kachipangizo koyeza cheza chimene mwalandira, nthawi zonse mukakhala pamalo oyang'aniridwa, ndipo funsani zotsatira zake. Ndi ufulu wanu, kaya ndinu wolembedwa ndi mwini malo kapena ndi kontirakitala. Chepetsani nthawi yokhala pafupi ndi chotulutsa cheza, talikirani, ndipo gwiritsani ntchito zotchinga. Musadye, kumwa kapena kusuta m'malo oletsedwa, ndipo zovala za kuntchito zisapite kunyumba. Amayi oyembekezera adziwitse akuluakulu msanga kuti asinthiridwe ntchito, chifukwa mwana wam'mimba amatetezedwa ndi malire a munthu wamba.

Musaiwalenso kuti malo ophwasulidwa ali ndi ngozi zonse za ntchito yogumula nyumba. Kugwa kuchokera pamwamba, kuphwanyidwa ndi katundu wolemera, moto wobuka podula zitsulo, ndi fumbi la asibesitosi lomwe limawononga mapapo: kawirikawiri zimenezi ndi zimene zimavulaza antchito kuposa cheza.

Kwa okhala pafupi

Musalowe mumpanda, ndipo musatole kapena kugula chitsulo chochokera pamalopo chomwe sichinayezedwe ndi kuvomerezedwa. Mu 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu awiri anachotsa makina ochizira khansa m'chipatala chomwe chinasiyidwa popanda ochilondera mokwanira, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. M'katimo munali ufa wa caesium-137 wowala mwa mtundu wa buluu, ndipo anthu anagawana posadziwa. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, pafupifupi 250 anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi, ndipo oposa 110,000 anayezedwa. Sanali malo opangira magetsi, koma gwero la tsokalo ndi lomwelo limene tikulichenjeza pano: malo anatsekedwa, kuyang'anira kunalekeka.

Za mapiritsi a ayodini, ambiri amasokonezeka. Mapiritsiwa amateteza chithokomiro chokha, ndiponso ku ayodini wotulutsa cheza yekha, makamaka iodine-131, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 8. Reactor ikakhala yozima kwa miyezi ingapo, iodine-131 amakhala atatha. Mapiritsiwa sathandiza pa caesium kapena plutonium, choncho musamwe pokhapokha azaumoyo atalengeza.

Mukamva chenjezo loti china chatuluka, lowani m'nyumba, tsekani mawindo ndi zitseko, ndipo mverani wailesi kapena uthenga wa boma. Ngati munali panja, vulani zovala zapamwamba n'kuzimanga m'pepala la pulasitiki. Kuchita izi kokha kungachotse mpaka 90 peresenti ya fumbi loipalo. Sambani ndi sopo, osakhula khungu mwamphamvu. Idyani ndi kumwa zimene zinali zotsekedwa.

Misonkhano ya anthu a m'dera ikaitanidwa, pitani mukafunse. Kodi madzi a pansi amayeza ndani, ndipo zotsatira tingaziwerenge kuti? Kodi ndalama zomalizira ntchito zilipo? Kodi magalimoto onyamula zinyalala azidutsa msewu uti? Funsaninso kumene ndodo za yureniyamu zidzapita, chifukwa funso limeneli nthawi zambiri limatsalira. Malo a Maine Yankee ku America anamalizidwa kuphwasula mu 2005, koma migolo ya ndodozo ikadali pomwepo ndi alonda ake, popeza dzikolo lilibe malo ozikwirira mpaka kalekale. Finland ndi imene yakumba malo otere ku Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe. Ngati ndodo zidzatsale m'dera lanu, pemphani kuti akuuzeni bungwe limene lidzaziyang'anira nyumba zonse zikadzagwetsedwa, ndiponso kuti lizidzayendera kangati.