Masitepe a ku Montenvers

Mu February 2024, ku Chamonix m'dziko la France anatsegulira makina atsopano onyamula alendo pa chingwe m'mwamba, kuwafikitsa pa Mer de Glace, chimtsinje cha ayezi chotsika m'mapiri a Mont Blanc. Anawamanga chakumtunda, kumene ayezi akadalipo wambiri. Oteteza chilengedwe sanakondwe: kuthamangitsiranji chinthu chimene chikutha? Koma a mahotela ndi operekeza alendo m'mapiri, chakudya cha ana awo chili pomwepo, ndipo ine kuwadzudzula kumandivuta.

Kale mantha anali ena. M'zaka za m'ma 1600 ayezi ameneyu ankatsikira kumidzi, n'kumakwirira minda ndi nyumba, mpaka mu 1644 anthu anaitana episkopi Charles-Auguste de Sales kuti adzapemphere kuti ayeziyo abwerere m'mbuyo. Zambiri za nthawiyo timazimva m'makalata a anthu a m'chigwa cha Chamonix opempha boma la Savoy, limene linkalamulira deralo, kuti liwachepetsere msonkho, amene katswiri wa mbiri Emmanuel Le Roy Ladurie anawafufuza. Wopempha chifundo pa msonkho salephera kuthirako mchere, ndiye sindingawameze onse. Komabe milu ya miyala imene ayezi anasiya m'chigwa ikuvomereza kuti anafikadi pafupi ndi midzi.

Kenaka kunabwera alendo. Angelezi awiri, William Windham ndi Richard Pococke, anafika mu 1741, sitima inakwera mpaka ku Montenvers, malo a paphiri oyang'anizana ndi ayeziyo, mu 1909, phanga loti alendo azilowamo linayamba kusemedwa mu ayezimo mu 1946.

Chaka chimene chinaulula zonse, kwa ine, ndi 1988. Anamanga makina a chingwe otsika kuchokera pa siteshoni, ndipo munthu akatuluka ankaponda masitepe atatu okha, basi wafika pa ayezi. Ayeziyo anapitiriza kuphwa. Chaka chilichonse amisiri ankalumikiza masitepe ena achitsulo pathanthwe, mpaka anapitirira 500, moti agogo ndi odwala miyendo ankangoyang'anira pamwamba. Phanga nalo ankalifunditsa nsalu zoyera kuti dzuwa lisalidye msanga. Palibe anamanga masitepewo kuti akhale umboni wa kutentha kwa dziko. Ankangofuna kuti wogula tikiti akhudzeko ayezi. M'mbali mwa njirayo anakhoma zikwangwani zosonyeza pamene ayezi ankalekezera m'zaka zosiyanasiyana, ndipo wotsika ankadutsa cha 1990, n'kuyendabe mtunda wautali pansi pake pali miyala yokhayokha.