Katemera sanakulandeni mphamvu, bambo

Ndatopa nawo mawu akuti "adokotala, chibayitsireni katemera wa Covid uja, kuchipinda sizikuyendanso." Ndawamva kwa abambo a ku Chitakale, a ku Limbuli, ena mpaka ochokera ku Luchenza. Katemeratu anafika m'Malawi muno mu Marichi 2021. Ndikawafunsa modekha, ambiri amavomera kuti vuto linayamba mu 2020, katemerayo asanabwere n'komwe.

Kumbukirani chaka chimenecho. Sukulu zinatsekedwa mu Marichi, ana ali pakhomo usana ndi usiku, maganyu asowa, ngongole zili m'khosi. Mwamuna wankhawa thupi silidzuka, ndipo ambiri anathawira pa foni. Si kuno kokha ayi. Mwezi wa Marichi womwewo webusayiti ya zolaula yotchedwa Pornhub inalola anthu kuonera ulere makanema ake olipiritsa. Kwathu kuno zolaula zimayenda pa WhatsApp ndi pa memori khadi.

Sindikunena kuti aliyense woonera zolaula amafooka. Koma ukazolowera kudzithandiza wekha usiku uliwonse, kanema uyu akakukwana n'kutsegula wina, thupi limazolowera zomwezo. Kenako mkazi wako, amene waweruka kothyola tiyi msana ukuphwanya, umayamba kumuyerekeza ndi anthu amene akungochita sewero pa kamera.

Pali bambo wina amene sandichoka m'mutu. Anabwerera kuchokera ku Joni pa mabasi aja a mu 2020, n'kukhala pakhomo opanda ntchito, foni ili m'manja mpaka tambala kulira. Mayi a kunyumba anaganiza kuti kuli chibwenzi, nkhani inafika kwa ankhoswe. Bambowo ankati wina anawamanga. Anatafuna gondolosi, kwa asing'anga anasiyako mbuzi, kenako anayamba mapilisi abuluu opatsa mphamvu kuchipinda ogula pamsika. Chaka ndi theka! Pomafika kwa ine, shuga inali itakwera kalekale, mapazi atachita dzanzi, pachikamwini atawapitikitsa. Foni ija inali mbali yochepa chabe ya vuto lawo, ndipo kuyeza magazi pachala kukanationetsa zonse m'mphindi zochepa.

Kufooka kuchipinda nthawi zambiri kumatsogolera matenda a shuga, BP kapena mtima kuonekera poyera. Ndipo mapilisi abuluuwo akakumana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa BP mpaka munthu kukomoka, mwinanso kufa. Wogulitsa pabenchi sakufunsani zimene mukumwa kale.

Mukaona kuti patha miyezi itatu zinthu sizikusintha, bwerani tikuyezeni shuga ndi BP. Za foni ndidzakufunsani ndithu, musadzandibisire. Ndipo mubwere ndi mayi.