Masola a perovskite akubwera, koma nkhani yagona pa kulimba

Anthu ambiri akamva zoti perovskite isintha masola amaganiza kuti pali mwala winawake womwe akukumba nkumamata pa panelo. Ayi ndithu. Mwalawo ulipodi, muli calcium, titanium ndi oxygen, unapezeka kumapiri a Ural ku Russia mu 1839 ndipo katswiri wa miyala Gustav Rose ndi amene anaufufuza nkuupatsa dzina polemekeza katswiri mnzake wa ku Russia, Lev Perovski. Koma wokha mwalawu sukoka bwino kuwala kwa dzuwa. Chomwe asayansi anatengapo ndi kayalidwe ka maatomu ake basi, ndiye mu labu amasakaniza makemiko ena omwe amayalana chimodzimodzi nkumawatchanso perovskite, ambiri mwa iwo amakhala ndi mtovu komanso iodine.

Mu 2009 gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linapanga selo yoyamba ya perovskite (kachigawo ka panelo komwe kamapanga magetsi) ndipo inkasandutsa 3.8 peresenti yokha ya kuwala kukhala magetsi, pano mmalabu adutsa 25 peresenti, mlingo womwe silicon, yomwe amapangira masola wamba, inatenga zaka makumimakumi kuti ifikepo. Ine chimandisangalatsa kwambiri ndi kapangidwe kake, silicon imafuna ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1400 pomwe perovskite mumaisungunula nkuipaka ngati penti, kansalu kopyapyala kosakwana micrometre imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1000 a millimetre), kenako nkuumitsa pa kutentha kochepa.

Ndiye pali nzeru ina yoika perovskite pamwamba pa silicon, yapamwambayo imagwira kuwala kobiriwira ndi kwa buluu, kofiira kumadutsa nkukagwidwa ndi silicon pansi. Ziwirizi pamodzi zadutsa 33 peresenti, pomwe silicon yokha malire ake ali cha mma 29. Kampani ya Oxford PV inayamba kugulitsa mapanelo otere mu 2024.

Vuto ndi kulimba, ndipo apa sitiyenera kunamizana. Chinyezi, kutentha, ngakhale dzuwa lenilenilo zimaphwanya perovskite pang'onopang'ono, pomwe panelo ya silicon amaipatsa gerenti ya zaka 25. Mtovu nawonso ndi poizoni, ngakhale ndi wochepa tiyenera kudziwiratu kuti panelo ikasweka kapena ikatha ntchito ipita kuti. Wina akakuuzani za maperesenti okwera, mufunseni kuti panelo yakeyo yayesedwa panja pa mvula ndi dzuwa kwa nthawi yaitali bwanji komanso gerenti yake ndi ya zaka zingati.