Kompyuta yokha siyeza chifuwa chachikulu

Mawu akuti "kompyuta yanena kale" ndatopa nawo. Ena amawanena pokana kupereka makhololo, ena pokana kubwera kuchipatala n'komwe, ati anakayezetsa kale pa makina m'tauni.

Tiyeni timvane. Alipodi mapulogalamu apakompyuta omwe amawerenga X-ray ya pachifuwa, monga CAD4TB ya ku Netherlands ndi qXR ya ku India. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2021 pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo njirayi inayesedwanso kwathu kuno, ku Bangwe mumzinda wa Blantyre. Koma CAD4TB sitchula matenda. Imangopereka nambala, pakati pa 0 ndi 100, yosonyeza kuti mapapowo akukayikitsa bwanji. Mlandu umagamulidwa ndi makhololo, pa makina a GeneXpert, omwe m'maola awiri amapeza kachilombo ka TB n'kuonetsanso ngati kakukana mankhwala a TB otchedwa rifampicin.

Kuti nambalayo tiikhulupirire, pamafunika anthu ambiri. Olemba mapulogalamu anaiphunzitsa ndi zithunzi zankhaninkhani zomwe madokotala anaziwerenga kale. Akatswiri a masamu amasanthula kuti dera lino tiyambire pa nambala iti kukayikira, chifukwa munthu amene anadwalapo TB amatsala ndi zipsera, amene anapuma fumbi la m'migodi ya ku Joni nayenso chimodzimodzi, ndipo kompyuta imatha kusokonezeka nazo. Ofufuza za chikhalidwe amafunsa chifukwa chomwe abambo amachedwera kubwera. Alangizi a zaumoyo ndiwo amakalondola wodwala kumudzi.

Nanga uja wa laputopu m'kachipinda kuseri kwa sitolo, wokugwiritsani kachitsulo m'manja n'kukuwerengerani matenda a chiwindi, impso ndi magazi nthawi imodzi, akugwira ntchito ndi ndani? Yekha. Woyeza ndi iye, wogulitsa mankhwala ndi iye yemweyo.

Bambo wina samandichoka m'mutu. Nambala yake inali yokwera, tinawapatsa kabotolo kuti abweretse makhololo m'mawa mwake. Sanabwere. Anakagwira kachitsulo kaja, n'kuuzidwa kuti ali ndi "zoipa m'magazi", ndipo anagulitsa mbuzi kuti agule mabotolo a madzi obiriwira. Atabweranso patapita miyezi, anachita kuwanyamula pa njinga, lamba ataboola bowo lina, malaya atanyowa ndi thukuta. Mwana wawo wamng'ono, yemwe ankagona nawo chipinda chimodzi, anali atayamba kale kutsokomola.

Mukatsokomola milungu iwiri, kapena mukuonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngati muli ndi HIV, musadikire n'komwe milungu iwiriyo. Kuyeza ndi mankhwala a miyezi 6 n'zaulere m'zipatala za boma. Ndipo wina akakuuzani kuti makina ake apeza kapena sanapeze TB koma sanakupempheni makhololo, musamupatse ndalama yanu.