Chifukwa chake ndimapempha nkhuku yakufa

"Adokotala, ingondipatsani mankhwala achikasu aja, anathandiza kwa aneba." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa oweta nkhuku za mabroila ku Chawama, Kanyama ndi Matero mu Lusaka. Achikasuwo ndi oxytetracycline. Ine ndimawauza kuti ayambe abweretsa nkhuku imene yafa m'mawa womwewo. Ena amachoka atakwiya, ati ndikufuna kuwadyera ndalama.

Nkhuku zikadwala zimaoneka chimodzimodzi: kuzyolika, nthenga kunyankhalala, kutsekula m'mimba. Kusiyana kumaoneka ndikatumbula yakufayo. Timatumbo tiwiri ta kumapeto tikadzaza magazi, ndi matenda a coccidiosis, ndipo mankhwala a amprolium amagwira. Kathumba ka pamwamba pa potulukira zitosi kakatupa, nkhukuzo zili ndi masabata 3 mpaka 6, ndimaganizira matenda a Gumboro. Timadontho ta magazi m'kachifu kotsogolera ku nthutumba, kwinaku zina zapinda khosi, n'chitopa. Gumboro ndi chitopa amabwera ndi mavairasi, ndipo oxytetracycline sapha vairasi, ngakhale mutathira paketi yonse m'madzi.

Nanga bwanji kwa aneba zinachira? Apa ndi pamene ambiri timapusitsika, ngakhale ife madokotala. Gumboro akalowa m'khola, imfa zimachuluka masiku ochepa, kenako zimatsika zokha pakatha pafupifupi sabata. Amene anathira mankhwala pa tsiku lachinayi amaona imfa zikuchepa n'kuyamika mankhwalawo. Amene anathira madzi a aloe vera nayenso amayamika aloe vera. Palibe akunama, koma palibenso anasiya khola lina losathira kanthu kuti ayerekeze. Ofufuza amachita zimenezo: gulu lina kulipatsa, lina ayi, kenako kuwerenga zakufa. Katemera wa chitopa ngati LaSota ndimamudalira chifukwa anayesedwa motero, osati chifukwa wogulitsa amayankhula bwino.

Maso anganso amalakwitsa. Ndikakayika ndimatumiza zitsanzo ku labu ya boma ya ku Balmoral kapena kusukulu ya madokotala a ziweto ku yunivesite ya Zambia (UNZA), n'kudikira zotsatira.

Mankhwala othira mwachisawawa amazolowetsa mabakiteriya, moti tsiku lowafunadi sagwiranso. Komanso nkhuku yopita kukagulitsidwa kumsika wa Soweto masiku odikira olembedwa papaketi ya mankhwala asanathe imapita nawo mankhwalawo mpaka m'poto wa munthu.

Mukamabwera, nkhukuyo muikulunge m'pulasitiki, musaiumitse m'firiza. Mutengenso mapaketi a zonse mwathira kale, ndi kapepala kosonyeza kuti zafa zingati tsiku lililonse.