Bwanji ana oyamba kumene m'bandi ya sukulu amangoimba tinyimbo ta manoti asanu?

Teremu ikamatha masukulu amene ali ndi bandi amaitana makolo kuti adzamvere zimene ana aphunzira, ndipo funso limene ife aphunzitsi a nyimbo timalimva kwambiri anthu akamatuluka mu holo ndi lakuti, aphunzitsi, miyezi yonseyi mwana wakhala akufika mochedwa kunyumba ati anali ku pulakatisi, nde zimene aphunzirazo ndi zomwezi basi? Tinyimbo tifupitifupi tina tosakwana ndi miniti yomwe, onse akuimba chinthu chimodzi, malipenga ena akusasa mawu ena akutsetsereka. Funsoli ndi labwino ndipo ndikufuna ndiliyankhe bwinobwino, chifukwa tinyimbo timeneti sitimatisankha chifukwa cha ulesi ayi, zifukwa zake zili pa milomo ya mwanayo komanso m'chitsulo chimene wanyamulacho.

Lipenga palokha silitulutsa mawu. Mukangouzira mpweya mmenemo ngati mukukoleza moto mumva mphepo yokha basi. Mawu amachokera pa milomo, mwana amayenera kutseka milomo n'kuinjenjemeretsa mkati mwa mouthpiece, kachitsulo kooneka ngati kakapu kamene amaika pakamwa, kuti izichita prrrr, kenako chitsulo chija, chimene mutachiwongola chingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka ngati ndi trumpet, chimatenga kunjenjemerako n'kukusandutsa noti. Tsono minofu yozungulira pakamwa ya mwana wa zaka 10 kapena 11 sinagwirepo ntchito yotereyi chibadwire, imatopa msanga, pakangopita mphindi zochepa mumaona pamlomo pafiira pali kamzere kozungulira ndipo mawu ayamba kuthawa. N'chifukwa chake nyimbo za oyamba zimakhala zazifupi komanso zodzaza ndi malo opumira. Malo opumirawo wolemba anawaikamo dala kuti milomo ibwerere.

Chimene makolo ambiri sadziwa ndi ichi. Trumpet ili ndi mavalavu atatu okha, timabatani todina ndi zala tija, koma manoti ndi ambirimbiri, nde zala zikakhala pamalo amodzi pamatha kutuluka manoti angapo osiyana malingana ndi mmene milomo yamangikira komanso liwiro la mpweya. Mwana akhoza kudina zolondola zonse, wawerenga pepala molondola, koma chifukwa cha mantha milomo yalimba pang'ono, noti n'kudumphira pamwamba. Mukamva lipenga limodzi latulukira pamwamba pa anzake musathamangire kunena kuti mwana ameneyo sanaphunzire, kawirikawiri nyimboyo amaidziwa ndithu, milomo ndi imene sinayambe kumumvera.

Inu amene munaimbapo kwaya mukudziwa sol-fa, d r m f s. Manoti asanu amenewa ndi amene pafupifupi mabuku onse a bandi ya oyamba amayambira, ndipo amawaika mu kiyi ya B flat chifukwa malipenga ambiri, trumpet, cornet, trombone, euphonium ndi ma tuba ambiri, anawapanga mu kiyi imeneyi, noti imene imatuluka osadina kanthu ndi B flat. Pa trumpet d ndi osadina kanthu, r ndi valavu yoyamba ndi yachitatu, m yoyamba ndi yachiwiri, f yoyamba yokha, s osadinanso kanthu. Mwaona kuti d ndi s zala ndi chimodzimodzi eti? Kusiyanitsa awiriwa ndi ntchito ya milomo yokha ndipo pali ana amene zimawatengera masabata. Komanso r ameneyo, wa valavu yoyamba ndi yachitatu, mwachibadwa chake amakwera pang'ono kuposa pamene ayenera kukhala, si vuto la mwana, ndi mmene chidacho chilili, akatswiri amamutsitsa pokankha ka slide, kapaipi kotsetsereka ka valavu yachitatu, koma mwana wa teremu yoyamba simungamuwonjezere zimenezo akulimbana kale ndi kupuma.

Ndiye muyang'ane mwana wa trombone. Iyeyu alibe mavalavu, ali ndi slide, paipi yaitali yokankha ndi kukoka, imene ili ndi malo asanu ndi awiri oimapo ndipo palibe chizindikiro chilichonse pachitsulopo chomuuza kuti ima apa, amangodalira khutu ndi kuzolowera kwa mkono. Noti yachiwiri yomwe, r uja, ili pa malo a nambala 6, kutali ndithu, moti kamwana kochepa msinkhu mumakaona katatambasula mkono wonse, phewa lapita kutsogolo, slide yagwiridwa ndi nsonga za zala, koma noti isanafikebe pake. Ine ndikaona zimenezi sindimudzudzula mwana ngakhale pang'ono, mkono ukula wokha.

Kumene kuli ma clarinet manoti asanuwa ndi osavuta chifukwa onse ndi a dzanja lamanzere lokha, vuto lawo ndi kaphokoso kaja ka kwiii kamene kamadzidzimutsa holo yonse, kamabwera mwana akaluma kwambiri, kapena chala chikasiya kampata pa bowo, kapena kabango kopyapyala konjenjemera pakamwa kotchedwa reed, ikang'ambika kunsonga. A flute ndi amene amavutika, kuchoka pa r kupita pa m pafupifupi zala zonse zimasintha nthawi imodzi, komanso masiku oyamba amamva chizungulire chifukwa mpweya wambiri umangotayika panja. Kwathu kuno mabandi ambiri ndi a malipenga ndi ng'oma basi, ma reed ndi okwera mtengo ndipo sachedwa kutha, choncho ambiri mwa inu mudzaona za malipengazo.

Kanthu kena kwa inu amene mumaimba keyboard ku tchalitchi ndipo mukufuna kuthandiza mwana kunyumba. Mwana wa trumpet akakuuzani kuti akuimba C, inu musadine C, dinani B flat. Pepala la trumpet limalemba C, la flute limalemba B flat, la alto saxophone limalemba G, koma mawu otuluka ndi amodzi. Makolo ena amafika poganiza kuti lipenga ndi lowonongeka kapena mphunzitsi akuphunzitsa zolakwika pamene vuto ndi lomweli.

Tsono manoti asanu okha mungaimbe nawo chiyani? Zambiri ndithu. Nyimbo imene simungaiphonye pa konsati ya oyamba ndi Ode to Joy, yochokera mu symphony ya nambala 9 ya Ludwig van Beethoven imene inaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824, nthawi imeneyo mwiniwake makutu atagontha kale. Chigawo chake choyamba chimangoyenda m m f s s f m r d, kukwera sitepe imodzi kutsika sitepe imodzi osadumpha, ndipo ndi chimene milomo yatsopano imafuna, chifukwa kudumpha ndi kumene kumagwetsa ana. Konsati ikakhala ya December mumvanso kolasi ya Jingle Bells chifukwa nayonso imakwana m'manoti asanu omwewo. Nde musaone ngati ana akuimba zopanda pake, nyimbo ya Beethoven imeneyi ma okesitira akuluakulu amaiimba mpaka lero, anawo angopatsidwa mbali imene akuikwanitsa.

Za kuimba onse chinthu chimodzi, zimenezonso ndi dala, ndipo ndikuuzeni kuti si zophweka mmene zimaonekera. Ana makumi awiri kuti ayambe noti imodzi pa nthawi imodzi, aigwire ma biti anayi, n'kuisiya limodzi, ndiye kuti aliyense wawerenga mumtima, wapuma pamodzi ndi anzake, lilime lagunda pa nthawi yake, maso ali pa pepala komanso pa dzanja la kondakitala. Zikatheka zimenezi m'pamene timawagawa pawiri, ena nyimbo ena manoti aatali apansi, kenako patatu. Ku America kumene mabandi a m'sukulu ali ochuluka kwambiri osindikiza nyimbo amaziika m'magiredi kuyambira 0.5 kapena 1 mpaka 6 kuti mphunzitsi adziwe yoyenera ana ake, ndipo kulumpha masitepe amenewa pofuna kusangalatsa alendo kumangopweteketsa ana.

Apa mpamene ndimapempha ahedi ndi a komiti ya sukulu kuti atimvetse. Pakakhala mwambo chinthu choyamba chimene amafuna ndi nyimbo ya fuko, ndipo m'pomveka, nyimbo ya a Michael Sauka imene takhala tikuimba kuyambira 1964 aliyense amafuna kuimva pa malipenga a sukulu yake. Koma nyimbo imeneyi imapyola manoti asanu aja, mizere yake ndi yaitali yofuna mpweya wokhazikika, ndipo munthu aliyense mu holo amaidziwa mutu mpaka kumapeto moti kakulakwitsa kakang'ono kamamveka kwa onse, pa nyimbo imene anthu aimirira mwaulemu. Mwana amene zamuvuta pamenepo manyazi ake amakhala aakulu ndipo ena sabweranso ku pulakatisi. Njira yabwino ndi yakuti ana amene atha chaka kapena ziwiri anyamule nyimboyo, oyambawo muwalembere manoti aatali osavuta a pansi, akhale nawo mu mzere, amve kukoma kwake, nthawi yawo yotsogolera idzakwana.

Nyengo nayo imalowererapo. Chitsulo chikazizira noti imatsika, chikatentha imakwera. Konsati yotsekera chaka mu July, m'mawa kuli chisanu ngati cha ku Dedza kapena ku Mzuzu, ana akhala pa benchi ola lathunthu kudikira kuti zolankhula zithe, malipenga azizira m'manja, nde nyimbo yoyamba imamveka yotsika ndipo osagwirizana, pofika yachitatu zida zafunda zinthu zayamba kukhala bwino. Mukaona mwana akuuzira mpweya mu lipenga mwakachetechete pamene mlendo wolemekezeka akulankhula si mwano, akulifunditsa, tinamuuza ndife. Chimodzimodzi madzi amene amakhuthula pansi potsegula kakiyi kotulutsira madzi ka pa lipenga, ambiri mwa iwo si malovu, ndi mpweya wofunda wa m'mapapo umene wasanduka madzi utakumana ndi chitsulo chozizira, ndipo akapanda kuwachotsa lipenga limayamba kulira ngati likugwedeza madzi kukhosi.

Ku ng'oma vuto ndi kuthamanga. Mtima ukamagunda ndi mantha dzanja nalo limafulumira, mwana wa bass drum akangothamanga bandi yonse imamutsatira kondakitala n'kutsala yekha. N'chifukwa chake pa ng'oma yaikulu sitiikapo mwana amene walephera kwina, timaikapo mwana wodekha kwambiri m'gulu lonse.

Pali chinthu chimene ine ndimachilimbikira kwa aphunzitsi anzanga, kuti pa pulogalamu pazikhalako nyimbo zathu. Mabuku amene timagwiritsa ntchito ambiri ndi ochokera kunja limodzi ndi zida zomwe, ndi abwino pophunzitsa zala ndi kuwerenga, koma ana athu amabwera kale ndi chuma m'makutu. Nyimbo zambiri za masewero a ana ndi za kwaya zimazungulira pa manoti ochepa, ndipo zili ndi wotsogolera ndi ovomera, zimene zimathandiza kwambiri chifukwa gulu lina likamaimba lina milomo ikupuma. Biti imene pa pepala imaoneka yovuta, yoti buku lingaiike chaka chachitatu, mwana wa kuno amaiomba tsiku lomwelo mukangomuimbira pakamwa. Ndipo kulira kwa bandi si kwachilendo kwa ife, magule a malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga komanso mganda m'chigawo chapakati anatengera ma pelete ndi mabandi a asilikali a King's African Rifles, anthu n'kupanga malipenga awo a zikho. Makolo akamva nyimbo imene akuidziwa amayamba kuvomera okha, ndipo muone mmene misana ya ana imawongokera.

Nde mukapita ku konsati yotere mumvetsere izi. Kodi ayamba limodzi? Pamalo opumira pali zii weniweni kapena wina walowa yekha? Noti yaitali ikuima chilili kapena ikugwedezeka n'kufa isanafike kumapeto? Wina akasochera akutha kuwapezanso anzake kutsogolo? Chomalizachi ine ndimachiwerengera kwambiri, mwana amene wasochera n'kukhala chete ma biti angapo kenako n'kulowanso pamalo oyenera waphunzira kumvetsera, ndipo limeneli ndi luso lalikulu kuposa kuthamangitsa zala. Clarinet ikachita kwiii chonde musaseke, mwanayo amamva ndipo amadziwa kuti ndi iyeyo. M'manja muombe kondakitala akatsitsa manja.

Kunyumba nako mungathandize ngakhale zida sizituluka pa sukulu, paja m'malo ambiri lipenga limodzi amagawana ana awiri kapena atatu. Ngati aphunzitsi alola kuti mwana atenge mouthpiece yokha, mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimamanga milomo kuposa maola awiri Loweruka lokha, ndipo ngakhale popanda chilichonse akhoza kuimba sol-fa pakamwa zala zikudina pa pensulo. Mouthpiece yogawana izitsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo asanapatsane. Mwana asalize lipenga atangomwa thobwa kapena kudya chimanga chokazinga ndi masuwiti asanachukuche mkamwa, zonsezo zimakalowa m'kati n'kumata mavalavu. Ndipo valavu ikalimba musaikoke ndi pulayazi kapena kuthiramo mafuta ophikira, amaundana n'kugwira fumbi valavu n'kumatiratu, pali mafuta ake opyapyala a mavalavu, mungolibweza kwa aphunzitsi mmene lililimo.